KUCOKA KU LUSAKA KUFIKA KU LONDON: NJIRA YA MUMLENGALENGA INATALIKA

Munthu wa ku Chipata akakwera basi kupita ku Lusaka amayenda makilomita pafupifupi 570, ndipo amafika msana uli gwa. Koma kucoka ku Lusaka kufika ku London, ndeke ikalunjika osapatuka, ndi makilomita oposa pang'ono 7,900. Ndiye kuti ulendo wa ku Chipata uja mpofunika kuuyenda kokwana 14 kuti ufanane nawo. Ndeke yaikulu imamaliza mtunda wonsewu pa maola 10 okha, usiku umodzi basi.

Kale sizinali tero. M'caka ca 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kunyamula makalata kucoka ku London kupita ku Cape Town, ndipo ndeke zake zinali kutera pa Mpika ndi pa Broken Hill, pamene lero pacedwa Kabwe. Zinali ndeke zazing'ono, zosakhoza kusenza mafuta ambiri, zouluka makamaka masana. Dzuwa likalowa apaulendo anali kugona pansi kudikira mbandakuca. Kalata yocoka ku Mangalande inali kutha masiku oposa sabata isanafike pa Broken Hill.

Ufulu utabwera mu 1964, dziko linakhala ndi Zambia Airways, ndipo mu 1967 bwalo lalikulu la ndeke linatsegulidwa kum'mawa kwa Lusaka, lomwe mu 2011 linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda. Acikulire akumbukira ndeke ya DC-10 yochedwa Nkwazi imene inafika mu 1984. Munthu anali kudya cakudya camadzulo ku Lusaka, m'mawa n'kudzuka ali ku London. Koma ngongole zinailemera kampaniyo, ndipo inatsekedwa kumapeto kwa 1994. Nayo British Airways inaleka kutera ku Lusaka mu 2013.

Mizinda iwiriyi sinasunthe, koma njira ndiyo inatalika. Wodzera ku Dubai ayamba wauluka makilomita pafupifupi 5,400 kulowera kumpoto cakum'mawa, kenaka enanso 5,500 kuti akafike ku London. Onse pamodzi ayandikira 11,000. Wodzera ku Johannesburg ndiye acita zodabwitsa: ayamba wapita kum'mwera makilomita 1,200, kufulatira kumene akupita, ndiyeno abwereranso kumpoto. Ena adzera ku Nairobi, Addis Ababa kapena Doha. Pa malo onsewa pali kutsika, kudikira ndi kusintha ndeke, kotero kuti ulendo wa usiku umodzi umasanduka wa maola 15 kapena kuposa.

Zimenezi zimakhudza ngakhale a kumudzi amene sanakwerepo ndeke. Mabanja ambiri ali ndi mwana amene ndi namwino kapena wophunzira ku Britain. Uthenga wa maliro ukamfika madzulo, ndipo tikiti n'kupezeka, akatera ku Lusaka tsiku lotsatira, koma akali ndi mseu wa Great East patsogolo pake asanafike ku Katete kapena ku Lundazi. Ndico cifukwa cake akuluakulu a pamudzi amayamba afunsa njira imene mwanayo adzere asanalamule anyamata kukakumba manda.