Fungo linasamuka kuseri kwa azakhali pa Mitundu

Amene munadutsako kuseri kwa nyumba za lendi za azakhali anga pa Mitundu zaka zapitazo, bwerani mudzaone lero. Mudzagwira pakamwa! Paja munkadutsa chothamanga mutatseka mphuno paja, pano ana akusewerapo phada, zovala zili ngwee pachingwe, ndipo madzulo ophunzira a ku Bunda amene amachita lendi pamenepo amayala mkeka n'kumadya nsima mosatekeseka.

Kale sizinali choncho. Malemu amuna awo a azakhali anamanga mdadada wa zipinda, naika zimbudzi zogejemula, zomwe pa Mitundu zinali zonyaditsa. Kuchokera kuzimbudziko kukafika kuthanki ya zonyansa anayala mapaipi a konkire, poti iwo ankati konkire siwola ndipo chiswe sichiidya. Kwa zaka zingapo zonse zinali myaa. Kenako kunayamba kafungo ka mazira owola, komwe kankakula dzuwa la Okutobala likaswa mtengo. Dothi la pamwamba pa paipi linayamba kutitimira, madzi akuda n'kumasefukira pabwalo, ntchentche ndi mphemvu n'kupezapo mudzi. Wobwera kudzafuna chipinda ankangoima pageti, kununkhiza, n'kunena kuti abweranso mawa. Mawalo silinkafika. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, azakhali tulo sankationa, chifukwa chitsime cha oyandikana nawo chili chakumunsi kwa mapaipiwo. Ankaitana omata simenti, iwo n'kumata, n'kulandira zawo, koma posakhalitsa pamatidwepo pankagumukanso.

Amene anatitsegula maso ndi pulambala wina wa ku Nathenje, bambo wachikulire yemwe anagwirapo ntchito ya mapaipi a zonyansa mumzinda wa Lilongwe. Anakumba, n'kutiitana tonse kuti tidzaone. Pansi pa paipi, pomwe pamayenda madzi, panali polimba gwa. Kudenga kwake, komwe madzi safikako, ndiko kunali kutadyeka. Anabayako ndi kamtengo, kamtengoko n'kulowa, ndipo pochotsa kanatuluka ndi zoyera zofewa ngati chinangwa chovikidwa. Timiyala ta kwale tinkangoyoyoka tokha.

"Mayi, bambo aja sanakunamizeni ayi, konkire ndi yolimba ndithu," anatero. "Koma chikudya paipi yanuyi si madzi. Ndi mpweya."

Apa mpomwe pali nkhani yokoma. Zonyansa zikamayenda mwaulesi kapena zikaima, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'matope a pansi, momwe mulibe mpweya wabwino, timatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide. Ndiwo umanunkha mazira owola. Mpweyawo umakwera n'kukamatirira kudenga la paipi, komwe kumakhala chinyontho nthawi zonse. Kumeneko kuli tizilombo ta mtundu wina tomwe timausandutsa asidi wa sulphuric, yemweyo wa mubatire ya galimoto. Asidiyo amasungunula laimu wa musimenti n'kusiya gypsum, zoyera zofewa zija. Pa muyeso wa asidi wotchedwa pH, womwe ukatsika ndiye kuti asidi wachuluka, konkire yatsopano imakhala pa 12 kapena 13, koma denga la paipi yodwala limatsika mpaka pa 1 kapena 2. Kukatentha, tizilomboti timachulukana msanga, n'chifukwa chake chilimwe chathu chimaipitsa zinthu. Katswiri wina wa ku Melbourne m'dziko la Australia, C. D. Parker, anatulukira tizilombo ta kudengati m'chaka cha 1945, ndipo anatipatsa dzina lotanthauza kuti todya konkire. Ndiye taganizani, azakhali ndalama zawo zonse zija zogulira simenti yomatira ankangowonjezera chakudya cha asidi.

Mankhwala ake anali ophweka moti tinaseka. Pulambala uja sanazule mapaipi akale. Anawatsuka, n'kulowetsamo paipi ya pulasitiki ya PVC ya mamilimita 110 kuyambira kuchemba, kadzenje kounikirapo mapaipi, kukafika kuthanki, ndipo mpata wotsala pakati pa ziwirizi anathiramo phala la simenti kuti yatsopanoyo isamagwedezeke. Makoma a chemba anawayala ndi chipepala chakuda chokhuthala cha HDPE, chonga chija amayala m'madamu a nsomba ndi a mthirira. Chivundikiro anaumba china, kunsi kwake kuli chipepala chomwecho, m'mphepete atachipindira mukonkire isanaume. Anaimikanso paipi yaitali yopitirira denga la nyumba kuti mpweya woipa uzithawira kumwamba. Konkire inatsala ndi ntchito yomwe imaitha, yonyamula dothi ndi ngolo zodutsa pamwamba. Yokumana ndi asidi inapita kwa pulasitiki.

Ndipotu pulasitiki imeneyi asidi wa m'zimbudzi saithera nzeru. Mulibe laimu woti asungunuke, simwa madzi, sichita dzimbiri. Mchere, sopo, mkodzo, Jik wosungunula wotsukira zimbudzi, zonsezi zimangodutsa. M'kati mwake ndi moterera, choncho zonyansa sizikhalitsa kuti zivunde. M'mizinda ikuluikulu, mapaipi a konkire otakata amaumbidwira kufakitale ali kale ndi chovala chotere m'kati, ndipo kumsana kwa chipepalacho kumakhala timizere kapena timabatani tomwe timamira mukonkire yonyowa kuti chisadzasendeke. Nthawi zambiri amaphimba kudenga ndi m'mbali mokha, n'kusiya pansi penipeni, poti pomizidwa ndi madzi asidi sapangikapo.

Pulambala uja anatichenjezanso, ndipo ine ndinamukonda pa chimenechi. PVC imadana ndi thina wa penti, petulo ndi madzi owira bwatabwata, chifukwa ikapyola madigiri 60 imayamba kufooka. Ikakhalitsa padzuwa imauma n'kumathetheka, ndiye ya panja muziipaka penti. HDPE nayo guluu saigwira. Polumikiza amaiwotcherera ndi kamakina kouzira mpweya wotentha, ndipo iye anakhalitsa pa msoko uliwonse, akuupapasa ndi chala, akuti mpweya uja ukangopeza kabowo umakayambiranso ntchito yake kuseri kwa chipepala.

Tsiku logejemula koyamba, azakhali anaima pachemba chotsegula, mwana wina n'kuthira ndowa kuchimbudzi. Madzi anadutsa kuti psuu, osatsalira ngakhale dontho. Azakhali analulutira mpaka amayi ogulitsa tomato kumsewu anabwera kudzafunsa ngati kuli chinkhoswe. "Iwe mwanawe, tanunkhiza! Ukumva chiyani?" Ndinati palibe, zakhali. "Eya, palibe! Chimenecho ndicho ndinagula!"

Chilimwe chinabwera, fungo osamveka. Dzinja linabwera, bwalo osatitimira. Zipinda zonse zinadzaza, ndipo ofuna malo tsopano amachita kusiya nambala za foni. Oyandikana nawo aja, amene anali atasiya kupereka moni, anabweretsa nkhuku.

Inu amene muli ndi nyumba za lendi, malo ogona alendo kapena sukulu zogonera komweko ku Mitundu, ku Nathenje ndi kwina konse, mukamva mazira owola musathamangire thumba la simenti. Tsegulani chemba, dikirani mpweya uyambe watuluka, muunike ndi tochi kudenga la paipi ndi kunsi kwa chivundikiro muli chiimire panja. M'thanki musalowemo ndipo musatumemo mwana wa munthu, chifukwa mpweya umenewu ukachuluka umapha mphuno kaye kuti musaumve, kenako umapha munthu. Mukaona zoyera zofewa, itanani pulambala wodziwa kuyala pulasitiki.