MPENI WOPINDA: KASANKHIDWE, KANOLEDWE NDI KASUNGIDWE KACE

Mlimi akamachula zitsulo zace za nchito ayamba ndi khasu, nkhwangwa ndi cikwanje, naiwala kacitsulo kamene kakhala m'thumba mwace tsiku lonse. Komatu ndi mpeni wopinda umene adulira luzi, kusalaza mpini, kusenda mbuzi ndiponso kumezanitsa mitengo ya zipatso. Anthu ambiri agula mpeni watsopano caka ndi caka cifukwa wakale unabuntha, unacita dzimbiri kapena unathyoka nsonga. Kumeneku ndi kutaya ndalama cabe, pakuti mpeni wabwino, ukanoledwa ndi kusungidwa moyenera, ukhoza kukalamba pamodzi ndi mwini wace ndi kutsalira ana.

MIPENI YOCHUKA

Nzeru ya kupinda mpeni ndi yakale ndithu. Ku Hallstatt m'dziko la Austria anafukula mpeni wopinda wa cogwirira ca fupa umene unasulidwa zaka zoposa 2,500 zapitazo.

Kum'mwera kwa Africa mpeni wodziwika koposa ndi Okapi. Anayamba kuusula m'caka ca 1902 ku Solingen m'dziko la Germany, kuti azikaugulitsa ku Africa, ndipo dzina lace ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Kuyambira m'caka ca 1988 mipeniyi aisula ku South Africa. Cogwirira cace ndi ca mtengo, ndipo yambiri iri ndi kamphete pamsana. Munthu akoka kamphete kameneka pofuna kupinda mpeniwo.

Alimi a ku France ali ndi wao wochedwa Opinel, umene Joseph Opinel anayamba kupanga m'caka ca 1890. M'caka ca 1955 kampani ya Opinel inauonjezera mphete yozungulira pakhosi, yoletsa mpeni kupindikira pa zala. Ku Switzerland, Karl Elsener anatsegula nyumba yace yosulira mipeni ku Ibach m'caka ca 1884. Kumeneko ndiko kucokera mipeni yofiira ya Victorinox yokhala ndi tizitsulo tambiri-mbiri. Ku England mzinda wa mipeni ndi Sheffield.

ANTHU OSONKHANITSA MIPENI

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene cokonda cao ndi kusonkhanitsa mipeni yakale, monga ena asonkhanitsa masitampa. Iwo akatenga mpeni ayamba kuwerenga cizindikiro cimene wosula anadinda patsinde pa citsulo, pafupi ndi msomali wopindira. Pamenepo adziwa dziko ndi nthawi imene mpeniwo unapangidwa. Okapi wodindidwa dzina la Germany ndi wamkulu msinkhu kwa wodindidwa dzina la South Africa. Kampani ya Case ya ku America inadinda timadontho khumi pa mipeni yace ya caka ca 1970, nimacotsapo kadontho kamodzi caka ciri conse, kotero kuti wowerenga timadontho adziwa caka ceni-ceni. Wina wa mipeni yodabwitsa ndi wochedwa Norfolk Knife, wa zitsulo 75 pa cogwirira cimodzi, umene a Joseph Rodgers a ku Sheffield anapangira cionetsero cacikuru ca ku London ca mu 1851.

Anthu amenewa ali ndi lamulo limodzi limene mlimi angapindule nalo: citsulo cikadyedwa sicimeranso. Cifukwa cace iwo sapala mpeni wakale ndi tupa kuti uwale, ndipo ponola acotsako pang'ono pokha. Mpeni wa agogo umene uli m'bokosi, ngakhale unada, suyenera kutayidwa kapena kupatsidwa ana kuti aziseweretsa.

POGULA

Zitsulo za mipeni ziripo za mitundu iwiri. Citsulo cakuda, monga ca Okapi wamba, cinoleka msanga pa mwala uli wonse wosalala ndipo cithwa kwambiri, koma cicita dzimbiri cikasiyidwa conyowa. Citsulo cosacita dzimbiri, cimene Harry Brearley anatulukira ku Sheffield m'caka ca 1913, siciopa madzi kweni-kweni, koma kawiri-kawiri cifuna nthawi yaitali pa mwala. Citsulo cakuda cikaceka malalanje kapena mango cisanduka cotuwa. Kumeneku si kuonongeka iai. Mdani ndi dzimbiri lofiira limene likumba timaenje.

Wogula asacite manyazi kuyesa mpeni m'sitolo. Autsegule ndi kugwedeza citsulo kumanzere ndi kumanja. Cikamagwedera, msomali wace ndi wolobodoka. Aupinde ndi kuona ngati nsonga yalowa yonse m'cogwirira, pakuti nsonga yosuzumira ing'amba thumba ndi cala comwe.

KANOLEDWE

Mwala wonolera ukhale wosalala ndi wa mcenga wosalala, wopanda cigwa pakati. Wa kumtsinje ndi wabwino. Wa m'sitolo uli ndi mbali ziwiri, yokhakhala yoyambira ndi yosalala yotsirizira. Kanoledwe kace ndi aka:

1. Mwala uthiridwe madzi ndi kukhazikidwa posagwedera.

2. Mpeni ugone pa mwala, msana wace utatukuka pang'ono. Njira yapafupi yopezera mulingo ndi iyi: wonola aimike mpeni ciriri pa mwala, aupendeke theka la njira yopita pansi, kenaka aupendekenso theka la mpata wotsalawo. Pamenepo uli pafupi ndi madigiri 20, ndiwo mulingo woyenera nchito za kumunda.

3. Akankhe mpeni pa mwala monga ngati afuna kusendako kacikamba kopyapyala, kuyambira kutsinde kufikira kunsonga. Dzanja lisasinthe mulingo. Apa ndipo alakwira anthu ambiri: msana ukamakwera ndi kutsika, kothwa kukhala kobulungira, ndipo munthu anola kufikira thukuta koma mpeni osathwa.

4. Apitirize mbali imodzi kufikira ku mbali inayo kutamveka kamlomo kakang'ono kokanda. Akamva pokhudza ndi cala mopepuka kucokera kumsana kutsikira kothwa. Kamlomo kameneka ndi mboni yakuti mwala wafika pothwa peni-peni. Pamenepo atembenuze mpeni nacite comweco.

5. Atsirize pa mbali yosalala ya mwala, dzanja liri lopepuka, nasinthanitsa mbali.

6. Potsiriza akoke mpeni cam'mbuyo pa lamba wa cikopa, msana uli patsogolo, kuti kamlomo kaja kacoke. Mpeni umene wathwa udula pepala osalikwinya.

Gudumu lonolera nkhwangwa siliyenera mpeni wa m'thumba. Citsulo copyapyala citentha msanga, ndipo cikasanduka cobiriwira ndiye kuti kulimba kwace kwatha. Mpeni wotere ubuntha tsiku lomwelo. Mwini mpeni akamaupititsa pa cikopa madzulo ali onse, sufuna mwala kawiri-kawiri.

CIFUKWA CACE KUTHWA KULI KOFUNIKA

Ena aganiza kuti mpeni wobuntha ndiwo wosaopsya. Zoona zace nzakuti wobuntha ufuna mphamvu zambiri, ndipo ukaterereka ulowa m'dzanja ndi mphamvu zomwezo. Munthu podula aloze mpeni kutali ndi thupi lace. Bala lakuya la mpeni wa dothi likhoza kulowetsa matenda a kafumbata. Litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo wobvulalayo apite ku cipatala tsiku lomwelo.

Kuthwa kuoneka bwino pa nchito yomezanitsa malalanje ndi mango. Pansi pa khungwa pali kamnofu konyowa kamene kalumikiza diso kapena kanthambi ndi tsinde. Mpeni wakuthwa udula kamodzi nusiya bala losalala, ndipo mbali ziwirizo zigwirana. Wobuntha utafuna kamnofuko, diso liuma, ndipo mlimi ataya mbande imene anathirira miyezi yambiri. Mipeni yeni-yeni yomezanitsira inoledwa mbali imodzi yokha kuti bala liongoke. Mpeni umene wadula mtengo wodwala utsukidwe usanakhudze wina, cifukwa matenda ena a mbeu ayenda pa citsulo.

KASUNGIDWE NDI KAYENDEDWE

Nchito ikatha mpeni upukutidwe kufikira utauma. Pa msomali wopindira padonthezedwe mafuta a makina osokera, ndipo pa citsulo cimene ciceka cakudya papakidwe mafuta ophikira pang'ono. Dothi la m'kati mwa cogwirira licotsedwe ndi kamtengo. Mpeni si womasulira zomangira za njinga, si wotsegulira zitini, ndipo si wokumbira mbatata. Kathumba ka cikopa ca mbuzi kauteteza ku thukuta ndi ku makobiri a m'thumba. Wobwereketsa mpeni wace akumbukire mau a akuluakulu akuti khasu lobwereka silicedwa kuthyoka.

Mpeni uli ndi malo ace. Ku South Africa dzina la Okapi linaipitsidwa ndi anyamata aupandu a m'matauni amene anausandutsa cida ca ndeu. Maiko ena ali ndi malamulo olimba: ku Britain munthu aloledwa kuyenda popanda cifukwa ndi mpeni wopinda wokhawo umene sukhoma ndipo kothwa kwace sikupitirira mainchesi 3. Mlimi wanzeru ayenda ndi mpeni wace kumunda, kudimba ndi kukhola, koma popita ku mowa, ku gule kapena ku mpira ausiya kunyumba, pamalo posafika ana ang'ono.

Mlimi amene afuna kuphunzira kumezanitsa mitengo ya zipatso aonane ndi mlangizi wa za malimidwe wa kwao, ndipo popita atenge mpeni wace utanoledwa kale.