Anakana kugonja kwa maola khumi ku Joni

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa khalidwe la ife ochemerera mpira. Pa Mzuzu Stadium timu ikangobwerera m'mbuyo kuti iteteze golo lake, timayamba kuikuwiza kuti ndi ya mantha. Ine ndikukana, ndipo umboni wanga ndautenga ku masewera a kiriketi.

Kwa azibambo ndi azibusa amene simunawaonepo: wina amaponya mpira wolimba ngati mwala, wina amaima ndi thabwa kuteteza timitengo titatu. Timitengoto tikagwa, kapena mpira umene wamenya ukagwidwa m'malere, watuluka. Masewera aakulu amatenga masiku asanu, ndipo ngati anthu khumi a timu yotsalira sanatuluke pofika madzulo a tsiku lomaliza, matimuwo afanana mphamvu.

Mu Disembala 1995, pa bwalo la Wanderers ku Johannesburg, ku Joni komwe kuja anapita makolo athu pa Theba, South Africa inaikira England mapointi 479 oti iwapeze. Zopambana panalibe. Tsiku lachinayi likutha, anayi anali atatuluka kale.

Kaputeni wa England, Michael Atherton, anangoti zikhale momwemo, ine pano sindichoka. Allan Donald ndi Shaun Pollock anamuponyera mipira yaukali, ina yolunjika kumutu. Iye yambiri ankangoitchinga, ina n'kuileka idutse. Anaima mphindi 643, ndiye kuti maola khumi ndi mphindi 43, nakumana ndi mipira 492. Mwayi unalipo ndithu, chifukwa ali pa 99 Gary Kirsten anagwetsa mpira woti akanamutulutsa nawo. Anamaliza ndi 185 osatuluka.

Koma amene amandigometsa ine ndi mnzake Jack Russell. Pa mipira 235 anangopeza mapointi 29 okha! Kwathu kuno tikanamugenda ameneyu. Komatu akanati atengeke ndi kufuna kutchuka, England ikanagona ndi chisoni. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Timu yathu ya Malawi, imene mu Novembala 2019 inakumana ndi Mozambique, imadziwika ndi kiriketi yaifupi ya T20, yotha m'maola atatu, yongomenya basi. Pempho langa kwa akuluakulu a masewerawa n'loti anyamata aziwapatsako masewera a masiku awiri, ndipo kuno kumpoto musatiiwale.

Ine wanu,
Wokonda Masewera,
Chibavi, Mzuzu.