Dzuwa la dzana, kuyabwa kwa lero



Mu Okutobala wapitayu, usiku wina titangotuluka mu Swala ya Isha, tinapeza bambo wina ataima pakhomo pa mzikiti, akupuma mwawefuwefu. "A Shehe, tiyeni mukandionere mwana. Chamugwira chinthu." Tinatenga tochi n'kulondolana nawo.

Mwanayo ndi mnyamata wa zaka 13, wophunzira wathu kumadrassa, ndipo ndi wachialubino. Tinampeza akugubuduka pamphasa, akudzikhula msana kuchipupa, akulira ngati wakhanda. Ankati m'kati mwa khungu lake mwalowa linthumbu. Akakanda, kuyabwa kumachita ngati kwathiridwa palafini. Agogo ake anali atamupaka kale mafuta ophikira msana wonse. Pakhonde anthu anali atayamba manong'onong'o. Ena amvekere ndi chitedze, ena amvekere ziwanda, ndipo ena anali atatchula kale dzina la gogo wina amene anakangana ndi banjali pa nkhani ya malire a dimba.

Tinafunsa mayi ake kuti, "Mayi, dzana mwanayu anatandala kuti?"

"Dzana usipa unaphedwa wambiri, a Shehe. Anali kugombe kuthandiza amalume ake kuyanika pathandala, kenako anakasambira ndi anzake. Malaya anawasiya pamchenga."

Tinamuunika ndi tochi. Msana ndi mapewa zinali psuu, zotentha ngati mbaula. Apo tinadziwa kuti chimene chamugwira si munthu kapena chiwanda. Linali dzuwa la dzana.

Chifukwa chake kumachedwa

Zimene tilembe pano tinaziphunzira kwa a zaumoyo amene takhala tikuwafunsa zaka zambiri, ndiponso kwa ana amene tawaona ndi maso athu. M'dzuwa muli cheza china chosaoneka, chimene madokotala amachitcha UV. Chimenecho ndicho chimaotcha khungu. Sichimveka kutentha pamene chikulowa, n'chifukwa chake munthu amapsa ngakhale kuli mitambo, ngakhale mwera ukuomba kozizira bwino. Panyanja chimamupeza munthu kawiri: kuchokera kumwamba, komanso chikanjanja pamadzi ndi pamchenga.

Kupsako sikuoneka nthawi yomweyo. Khungu limayamba kufiira ndi kuwawa pakapita maola angapo, ndipo limafika poipa tsiku lotsatira. Anthu ambiri akapsa amamva kuyabwa pang'ono pamene khungu layamba kusendeka, koma kumeneko n'kopiririka. Pali kuyabwa kwina koopsa, kumene kumagwira anthu ena okha, makamaka a khungu loyera. Kumayamba pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu, kawirikawiri usiku wachiwiri, ndipo kumakonda msana, mapewa ndi chifuwa. Timitsempha ta m'khungu timene timamva kukhudza timakhala tavulala, ndiye timangotumiza uthenga wa kuyabwa ndi kubaya popanda chimene chikuyenda pathupi. Kumabwera ngati mafunde: kuleka pang'ono, n'kubweranso mwamphamvu. Poti kwadza mochedwa, anthu amakhala ataiwala za dzuwa lija, n'kuyamba kufunafuna wolakwa. Chotonthoza n'chakuti kawirikawiri kumazirala pakatha tsiku limodzi kapena awiri.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya achialubino okha. Ife a khungu lakuda timapsanso, kungoti kufiira sikuoneka bwino. Khungu limatentha, limakungika, limawawa ukalikhudza, kenako limasendeka. Mlovi amene watandala m'bwato wosavala malaya amazidziwa zimenezi. Amayi amene amadzola mafuta oyeretsa khungu amapsa msanga, chifukwa mafutawo amachotsa chishango chimene anabadwa nacho. Mankhwala ena, monga doxycycline ndi bakitilimu, amachititsanso kuti khungu lisachedwe kupsa. Amene mukumwa mankhwalawa musawasiye mwa inu nokha. Dzitchingeni kudzuwa, ndipo mukaona zachilendo kafunseni kuchipatala.

Zimene tinachita usiku umenewo

Choyamba tinapempha anthu a pakhonde aja kuti apite akagone. Wodwala akamamva anthu akumunena kuti walodzedwa, mantha amawonjezera kuyabwa. Tinamuuza mnyamatayo kuti, "Mwana wanga, ichi ndi dzuwa. N'chowawa ndithu, koma sichikupha, ndipo chitha." Mawu okhawo anachepetsa kulira.

Tinachotsa mafuta ophikira aja pang'onopang'ono ndi madzi, osakhula. Tinaviika chitenje choyera m'madzi a mumtsuko, kuchifinya pang'ono n'kuchiyala pamsana, ndipo chikafunda timachiviikanso. Pano tichenjeze: pali ena amene madzi akangowakhudza, kuyabwa kumakula. Yesani kaye pamalo pang'ono. Ngati zikuthandiza pitirizani, ngati zikuwonjezera lekani. Madzi oundana a m'firiji musawaike pakhungu lakupsa.

Bambo ake anathamangira kwa mlangizi wa zaumoyo, amene anabwera ndi piritoni ndi panado n'kumupatsa mlingo woyenera msinkhu wake. Pa kuyabwa kotere, mankhwala akumwa amathandiza kuposa odzola. Piritoni amachepetsa kuyabwa ndipo amagonetsa. Panado amachepetsa ululu. Akuluakulu angathe kumwa bulufeni atadya kaye, koma osati amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena amayi oyembekezera. Mlingo wa mwana musamauyerekeze ndi maso, funsani a zaumoyo, ndipo ana sapatsidwa asipulini. Asodzi imvani apa: mukamwa piritoni musalowe panyanja usiku umenewo. Munthu wosinza m'bwato pakati pa nyanja waika moyo wake ndi wa anzake pachiswe. Chimodzimodzi oyendetsa njinga zamoto.

Chovuta kwambiri chinali kumuletsa kukanda. Kukanda kumakoma kamphindi, kenako kuyabwa kumabwerera kwakukulu, ndipo khungu lakupsa silichedwa kung'ambika n'kulowa tizilombo. Tinamuwenga zikhadabo. Funde likabwera, bambo ake ankamugwira manja, mayi ake n'kumapanikiza pang'ono chikhato pamwamba pa chitenje chija, ife tikumuwerengetsa kupuma. Tinamufunsanso mayina a nsomba zonse zimene amazidziwa, kuyambira chambo, utaka, kampango mpaka mcheni, kuti maganizo achoke pamsana. Madzi akumwa sitinawasiye patali, chifukwa thupi lakupsa limauma. Kuona maso a nkhono n'kudekha: anagona kutatsala pang'ono kuti adhana ya Fajr imveke.

Zimene tiyenera kuleka

Agogo aja sanalakwe dala. Anachita zimene tonsefe tinakula tikuziona. Koma mafuta ophikira, Vaseline ndi batala pakhungu limene likutenthabe zimatsekera kutentha m'kati. Mankhwala otsukira mano, dzira, phulusa, mchere, palafini ndi oilo wa injini ya boti, zonsezi zimawonjezera bala. Mafuta otentha aja amene timathira pamsana ukamaphwanya, komanso mafuta onunkhira, amayatsa moto pomwe pali kale moto. Ngakhale alovera ndi kalamaini, zimene zimathandiza ena pa kupsa wamba, pa kuyabwa koopsaku nthawi zina zimakuutsa. Yesani pakadontho kaye. Sopo asafike pamalo akupsawo kwa masiku angapo, ndipo mukasamba musadzikhule ndi thaulo, ingodzigusani pang'onopang'ono.

Matuza akatuluka musawaboole ndi minga kapena singano. Khungu la pamwamba pa thuza ndi chivundikiro chimene chikuteteza bala. Khungu likayamba kusendeka lisiyeni lichoke lokha. Pamenepo ndiye mungathe kudzola mafuta osanunkhira kuti lifewe.

Ena amatifunsa za kutawaza pamene nkhope ndi mikono zapsa. Madzi angodutsa pachiwalo mofatsa, kukhula sikokakamizidwa. Ngati pali matuza kapena zilonda zoti madzi aziwononga, chipembedzo chathu chinapereka chilolezo cha tayammamu, ndipo shehe wa kwanuko akuonetsani kachitidwe kake.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Musadikire kunyumba ngati matuza ali aakulu kapena adzaza msana, ngati munthu watentha thupi, akunjenjemera, akusanza, akuchita chizungulire, akulankhula zosamveka kapena wakomoka. Chimodzimodzi ngati mkodzo wachepa n'kukhala wachikasu kwambiri, ngati pabala patuluka mafinya, ngati maso akuwawa osatha kuyang'ana kuwala, kapena ngati kuyabwa kwapitirira masiku atatu osachepa. Khanda likapsa ndi dzuwa, ngakhale pang'ono, lionedwe ndi dokotala.

Tidziwenso kuti kuno kunyanja si kuyabwa kulikonse kumene kuli kwa dzuwa. Mukatuluka m'madzi a m'bango n'kuona timadontho toyabwa pomwe panali m'madzi, kumbukirani likodzo, ndipo mukayezetse, makamaka mukadzaona magazi mumkodzo. Kuyabwa kwa usiku pakati pa zala ndi m'chiuno, kumene kwagwira nyumba yonse, kawirikawiri ndi mphere. Khungu lakuda lokakala pakhosi ndi kunja kwa manja, looneka ngati lapsa koma losapola, limodzi ndi kutsegula m'mimba, kungakhale kuperewera kwa zakudya m'thupi, kumene kumabwera munthu akamangodya nsima yopanda ndiwo zokwanira. Zonsezi zili ndi mankhwala ake osiyana.

Kutchinga kusanapse

Kutacha bambo uja anakwera kabaza ndi mwana wake kupita kuchipatala. Anabwerako ndi mafuta oteteza khungu kudzuwa, amene anthu achialubino amalandira ulere m'zipatala za boma akakhalapo. Pofika tsiku lachitatu kuyabwa kunali kutatha, ndipo sabata yotsatira msana unasendeka ngati chinangwa choviika. Alhamdulillah.

Koma dokotala anawauza mawu amene tikufuna banja lililonse liwamve. Kuyabwa kumatha, koma khungu limasunga chikumbutso cha kupsa kulikonse. Kwa munthu wachialubino, kupsa kobwerezabwereza ndiko kumadzabala khansa ya pakhungu, imene yatenga ambiri akadali anyamata ndi atsikana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Amenewa ndi ana athu, alongo athu, ophunzira athu. Kachilonda ka pakhutu, pamlomo, pakhosi kapena pamkono kamene katha masabata angapo osapola, kapena malo okakala amene akukula, zikaonetsedwe kuchipatala msanga. Zikapezeka koyambirira zimachotsedwa. Bungwe la anthu achialubino la APAM lingakuthandizeninso kudziwa kumene kukupezeka chithandizo.

Dzuwa limaluma kwambiri kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Wopanda wotchi ayang'ane chithunzithunzi chake pansi. Chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wake, dzuwa likuotcha. Ife amene tinaphunzira kudziwa nthawi ya Asr poyeza chithunzithunzi cha ndodo, muyeso umenewu si wachilendo. Tinganene kuti kuyambira dzuwa litakwera mpaka Asr, wakhungu losachedwa kupsa akhale pamthunzi.

Ntchito sitingaisiye, koma tingathe kuigawa mwanzeru. Mwana wachialubino ayanike usipa m'mamawa ndi kuanula madzulo, masana azisoka ukonde pansi pa mtengo kapena m'chisakasa. Kumunda alime mbandakucha, dzuwa likakwera aweruke, ndipo wina asamunene ulesi. Chipewa chakhonde, ngakhale cholukidwa ndi mlaza, chimateteza makutu ndi khosi zimene kapusi amazisiya pamtunda. Pakaunjika sankhani malaya a mikono yaitali, a nsalu yothinana. Muiyang'anitse kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa, chezanso chidutsa. Malaya opyapyala oyera akanyowa satchinga kwenikweni. Mafuta oteteza aja akhale a nambala 30 kapena kuposa, adzoledwe asanatuluke m'nyumba, abwerezedwe pakatha maola awiri ndiponso akatuluka m'madzi. Ana akafuna kusambira, apite m'mawa kapena dzuwa litapendeka.

Ifenso tinaphunzirapo. Kalasi yathu ya kumadrassa inkakhala pabwalo pomwe mthunzi umathawa masana, ndiye taisamutsira pansi pa mango. Aphunzitsi a kusukulu tawapempha kuti mnyamatayo azivala chipewa chake ngakhale pamzere wa m'mawa. Amalume ake anamugulira malaya awiri a mikono yaitali ndi ndalama za usipa womwe uja.

Lachisanu lotsatira, titatha Juma, bambo uja anatiperekeza kwa gogo amene dzina lake linatchulidwa pakhonde usiku uja. Anali atamva kale zonse, ndipo anali asanapite kuchitsime masiku anayi chifukwa cha mantha. Bamboyo anakhala pansi n'kunena kuti, "Agogo, tinakulakwirani. Linali dzuwa." Anawasiyira mbale ya usipa.

Chilimwe chikubweranso. Mwana akadzayamba kulira ndi kuyabwa pakati pa usiku, musanatchule dzina la munthu, mufunseni kaye kumene anatandala dzana.