Nsambo za gitala ya besi: funsani kaye musanapikule

Fodya akayamba kugulitsidwa ku Kanengo, maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya makwaya zimachuluka ku Nsaru, Kabudula, Nambuma mpaka ku Mpingu ndi Namitete. Nsambo ya besi ikaduka Loweruka m'mawa, woyimba alibe nthawi yokwera minibasi kupita m'tauni ya Lilongwe. Amathamangira kwa inu amene mumagulitsa mawaya, mabatire ndi zokuzira mawu. Malonda ake alipo ndithu, koma nsambo za besi n'zodula kuposa za gitala wamba, ndipo paketi yolakwika imagona pa shelefu chaka chathunthu itatsekereza mpamba wanu.

Choyamba, werengani nsambo. Besi zambiri zili ndi zinayi: E, A, D ndi G. Zina, makamaka za magulu oyimba nyimbo zauzimu, zili ndi zisanu, yachisanuyo ndi B, yonenepa kuposa zonse. Musanapikule, zungulirani matchalitchi ndi mabandi a m'dera lanu muone zimene ali nazo.

Manambala a pa paketi amanena kunenepa kwa nsambo. Ikalembedwa 45-105, ndiye kuti G ndi 45, E ndi 105. Saizi imeneyi pamodzi ndi 45-100 ndi imene oyimba ambiri anazolowera, ndipo ngati mpamba ndi wochepa yambani ndi yomweyi. Pa besi ya nsambo zisanu, B imakhala 125 kapena 130. Nsambo zonenepa kuposa apa zimakoka khosi la gitala mwamphamvu. Pa besi zotsika mtengo khosilo limapindika, nsambo n'kutalikirana ndi thabwa, woyimba n'kumamva kuwawa zala. Akatero sadzadandaula za gitala yake, adzati nsambo za kwa uje n'zoipa.

Pamene ambiri amaluzira ndalama ndi pa kutalika. Besi yodziwika imatalika mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86, kuchokera pamene nsambo zatsamira kumutu kufika pamene zatsamira kumunsi. Paketi yake imalembedwa long scale. Zilipo zina zazifupi, za mainchesi 30, zofuna short scale. Nsambo yaifupi siifika pa besi yaitali. Yaitali pa besi yaifupi imafika, koma mbali yake yonenepa imakulungika pa chokungira ndipo imatha kuthyokera pomwepo. Sungani tepi yoyezera, ndipo wogula akakhala kuti sakudziwa, muuzeni abwere ndi gitalayo kapena nsambo yodukayo.

Za mtundu, roundwound ndi zokhakhala, mawu ake ndi owala, ndipo ndi zimene zimayenda malonda. Kampani ya Rotosound ya ku England ndi imene inazitchukitsa m'zaka za m'ma 1960. Flatwound ndi zosalala, mawu ake ndi ogonera, zimakhalitsa, koma n'zodula ndipo muziitanitse pokhapokha munthu atapereka ndalama yachikole. Zachikasu ngati mkuwa zisiyeni: zimenezo ndi za gitala yopanda magetsi, ndipo pa pickup, yomwe imagwira ntchito ndi maginito, mawu ake amatuluka ofooka.

Chenjerani ndi zachinyengo. Mayina ngati D'Addario ndi Ernie Ball amaberedwa kwambiri. Nsambozi zimachokera kunja, mtengo wake umatsata dola, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, paketi ya dzina lalikulu yotsika mtengo modabwitsa ndi yokayikitsa. Kugulitsa nsambo zotchipa si mlandu, bola muuze wogula kuti ndi zotchipa. Onaninso kuti pulasitiki ya m'kati ndi yomata bwino, chifukwa chinyezi cha dzinja chikalowa, dzimbiri limayamba paketi isanatsegulidwe.

Ena adzabwera kufuna nsambo imodzi yokha, kawirikawiri G kapena D. Mukatsegula paketi chifukwa cha iwo, mudzatsala ndi E ndi A zosowa wogula, choncho mtengo wa imodziyo ukhale woposa gawo limodzi mwa magawo anayi a paketi yonse. Oyimba babatoni, chida cha nsambo imodzi chimene Madalitso Band ya ku Lilongwe ndi Gasper Nali anachitchukitsa kunja, musawawerengere: ambiri a iwo amadzipezera okha waya.