Pangano lolembedwa limateteza eni nyumba za lendi kwa Malemia

Ogwira ntchito m'boma ena amamanga nyumba za lendi m'dera la Mfumu Malemia m'boma la Zomba pokonzekera nthawi yopuma pantchito. Ofuna nyumba alipo kaamba ka sukulu ya Domasi College of Education komanso Malawi Institute of Education.

Komabe, phindu limatayika mgwirizano ukangokhala wapakamwa. Pangano lolembedwa litchule ndalama ya pamwezi, tsiku lolipira, chikole, nthawi yochenjezana potuluka ndiponso yemwe azilipira madzi ndi magetsi a ESCOM. Mbali zonse ziwiri zisaine pamaso pa mboni.

Kalata ndi yofunikanso pogula malo. Popeza malo ambiri m'derali ndi a banja lonse, wogula akumane ndi achibale a wogulitsa, nyakwawa ndi ofesi ya DC asanakumbe maziko. Lamulo la Customary Land Act la 2016 limapereka mwayi wolembetsa malo otere.

Ndalama za lendi zimalipiridwa msonkho ku bungwe la MRA, choncho malisiti asungidwe bwino.

Wochita lendi akalephera kulipira, mwini nyumba asazule zitseko kapena malata. Nkhaniyo ipite kukhoti, komwe pangano lija ndilo umboni.