Anapiye a mu Julayi ndiwo nkhuku za pa Khrisimasi

Chaka chilichonse Disembala akayandikira, mitengo ya nkhuku za chikuda imakwera m'misika ya Mbulumbuzi, Namitambo ndi Namadzi chifukwa mavenda ochokera ku Limbe ndi ku Blantyre amazifuna zambiri. Koma nkhuku ya chikuda imatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ifike pogulitsa. Choncho mlimi amene akufuna kudzapeza phindu pamsika umenewu amayamba ntchito mu Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chafika pachimake ku Chiradzulu. Mazira oyikidwa pansi pa thadzi pa 10 Juni amaswa pa 1 Julayi, ndipo pofika pa Khrisimasi anapiyewo amakhala atatsala pang'ono kukwanitsa miyezi isanu ndi umodzi.

Alimi ena amaopa kufungatiritsa nkhuku m'nyengoyi poganiza kuti mazira azizidwa. Kuzizira pakokha sivuto lalikulu, pakuti thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41 ndipo thadzi labwino silichoka pachisa kawirikawiri. Zimene zimaononga ndi chinyezi, mphepo yolowera m'munsi mwa khola ndiponso kuchulukitsa mazira. Ubwino wina wa nyengoyi ndi woti madeya amakhala osasowa popeza anthu angokolola kumene.

Khola laling'ono, la mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, ndi lokwanira thadzi limodzi ndi anapiye ake. Mphepo ya chiperoni imachokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya ku Mozambique, choncho khomo liyang'ane kwina ndipo mbali imeneyo itchingidwe ndi masaka kapena mphasa. Pamwamba pazikhala mpata wolowera mpweya. Denga lisadonthe. Chisa chikhale pakona, chotalika masentimita 40 mbali zonse, choyalidwa udzu wouma wambiri, ndipo pansi pa udzuwo pawazidwe phulusa pofuna kuchepetsa utitiri, umene umathawitsa nkhuku pamazira. Mbaula isalowe m'khola: utsi wa makala umapha anapiye ndipo udzu suchedwa kugwira moto.

Thadzi likayamba kufungatira limadziwika: limagona pachisa usiku wonse, limafufumitsa nthenga ndi kujompha munthu akaliyandikira. Lisamutsidwire m'khola laling'onolo usiku, ndipo liyesedwe ndi mazira awiri kwa tsiku limodzi kapena awiri. Likakhazikika, ndiye lipatsidwe mazira enieniwo.

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. M'nyengo yotentha thadzi la chikuda limatha kufungatira mazira 12, koma m'nyengo yozizira 8 mpaka 10 ndi okwana. Nkhuku imatembenuza mazira ndi kuwasinthasintha malo, ndiye akachuluka, lililonse limakhalako kunja kwa mapiko n'kuzizidwa, mapeto ake osukusa amachuluka kuposa oswa. Mazirawo akhale oyera, osasweka, osapitirira sabata imodzi chiwayikirireni, ndipo asatsukidwe ndi madzi. Alembedwe chizindikiro ndi pensulo kuti dzira lachilendo lizidziwika msanga.

Chiradzulu ali ndi mwayi wina. Nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp zimatchedwa za Mikolongwe chifukwa cha famu ya boma ya Mikolongwe m'boma lomweli. Zimakula kuposa za chikuda, koma pofungatira ndi kulera anapiye thadzi la chikuda ndi lodalirika kwambiri. Mlimi angathe kuyika mazira a Mikolongwe pansi pa thadzi la chikuda, kungoti achepetse chiwerengero popeza mazirawo ndi okulirapo.

Thadzi limatsika pachisa kamodzi patsiku kukadya ndi kumwa. Chimanga, madeya ndi madzi zikhale pafupi kuti lisachedwe kunja. Pakatha masiku 7 mpaka 10, mazira awunikidwe ndi tochi mumdima. Lomwe muli kamwana limaonetsa timitsempha tofiira; loyera mbee lichotsedwe. Kuyambira tsiku la 18 chisa chisakhudzidwenso mpaka anapiye ataswa pa tsiku la 21.

Anapiye ambiri amafa m'masabata atatu oyamba, ndipo chimodzi mwa zoyambitsa ndi kunyowa. Make akawatulutsa m'mamawa pa mame kapena pa mvula yowaza, amanyowa, kuzizidwa ndi kufa tsiku lomwelo. Kunja kulinso akabawi, akhwangwala ndi likongwe. Ndi bwino kuwatsekera m'khola masabata atatu kapena anayi, kenako n'kumawatulutsa dzuwa likakwera, udzu utauma. Madzi aziperekedwa m'mbale yosaya yokhala ndi timiyala kuti asagweremo. Madeya okha sakuza anapiye: asakanizidwe ndi soya wokazinga wogaya, ufa wa bonya kapena chiswe. Amene angakwanitse agule chick mash ya masabata oyambawo.

Chotsala ndi chitopa, chimene chimavuta kwambiri kukayamba kutentha, pamene anapiye a mu Julayi ali pa msinkhu wa misoti ndi atambala aang'ono. Katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, amaperekedwa kwa nkhuku za misinkhu yonse ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi itatu kapena inayi. Alangizi a ziweto a ku Thumbwe, Mombezi ndi Mbulumbuzi ndiwo othandiza pa nkhani ya katemerayu. Nkhuku yogulidwa kumsika isasakanizidwe ndi zinzake mpaka patatha masabata awiri.

Powerengera phindu, mlimi alembe mtengo wa mazira amene wafungatiritsa, chakudya ndi katemera, n'kugawa ndi anapiye amene apulumuka. Akaswa 8 n'kukula 6, mtengo wa nkhuku imodzi umakhala wotsika. Akakula awiri okha, kukanakhala bwino kungogulitsa mazirawo. Mlimi aziyamba kufunsa mitengo kumsika mu Novembala kuti mavenda asadzamupeze asakudziwa.